Lamulo la utsi lidzapeza njinga ili kale pamsewu

Kuyambira pa 1 Januwale 2025, mizinda ina ya ku Netherlands monga Amsterdam, Rotterdam ndi Utrecht idakhwimitsa lamulo: galimoto yatsopano yoperekera zakudya ndi katundu m'masitolo siloledwa kulowa pakati pa tauni ngati imatulutsa utsi. Magalimoto akale adawapatsa zaka zowerengeka. Nako ku Rwanda, chaka chomwecho boma lidaleka kulembetsa njinga zamoto zatsopano za petulo zonyamula anthu mumzinda wa Kigali. Ati zikhale zamagetsi basi.

Wageni ya nsomba wa kuno ku Amaramba atamva zimenezi akhoza kungoseka, poti iye lamuloli adayamba kulitsata kalekale popanda womuuza. Makumba ndi milamba zimatuluka m'nyanja pa bwato la nkhafi. Pagombe zimalowa m'dengu, dengu pakaliyala, kenaka ndi mwendo ndi thukuta mpaka kumsika wa ku Entre Lagos kapena ku Cuamba.

Komatu njinga yakapalasa sadaisankhe kaamba kokonda mpweya wabwino ayi. Ndi yomwe thumba lake lidakwanitsa. Dzinja likafika, matope a m'dambo amamata matayala, mwini wake n'kutsika kumakankha, dzuwa lili paliwombo. Nsomba yaiwisi siidikira munthu. N'chifukwa chake ambiri amayamba aiwamba, ndipo kuwambako kumadya nkhuni zosaneneka. Choncho utsi umene njinga situlutsa panjira umakhala utatuluka kale pagombe, mitengo n'kumatha.

Amene wapeputsako vutoli ndi wanjinga yamoto, chifukwa nsomba yovuulidwa m'bandakucha imafika pamsika isanafewe. Tsono ngati tsiku lina aphungu ku Maputo adzatengere lamulo la anzawowa, woyamba kulira adzakhala mnyamata ameneyu pamodzi ndi mayi wogulitsa nsomba amene amamudalira. Njinga yamagetsi imafuna potchajira. Midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja magetsi a ku Cahora Bassa imangowamvera m'makutu, ndipo ngakhale foni imakatchajidwa pa sola ya pagolosale, molipira.

Sikuti nkhani ya utsi ndi yachabe. Asodzi sadaiwale momwe nyanja ya Chilwa idaphwera mu 1995 ndi mu 2018, mabwato n'kukhala pamatope ouma, ndipo akatswiri amati utsi wa mafuta ndi malasha ukusokoneza kagwedwe ka mvula. Koma ofuna kuthandiza boma la Mecanhelas ayambe ndi msewu woyendeka chaka chonse, milatho ndi mapolo a magetsi, lamulo lidze pambuyo.

Ayambenso ndi akuluakulu. Sitima zazitali zonyamula malasha a ku Moatize zimadutsa pa Entre Lagos kulowera kudoko la Nacala, zikukokedwa ndi mainjini a dizilo. Wanjinga uja amaima ndi dengu lake m'mbali mwa njanji, kudikira kuti bogi lomaliza lidutse.