Wakupha akasowa, eni mafulati asabisale kumbuyo kwa apolisi

Munthu akaphedwa kapena akasowa pa mafulati a ku America, kalata yochokera kwa eni malowo sichedwa. Amaipachika pa chitseko chilichonse kapena kuitumiza pa foni. Imapepesa banja, imalumbira kuti kampani imaika chitetezo patsogolo, imalangiza anthu kuti azikhoma zitseko ndi kuchenjera poyenda usiku. Ikatero imatseka pakamwa aliyense ponena kuti sangalankhule zambiri chifukwa nkhani ili m'manja mwa apolisi. Mwezi ukatha lendi amaifuna yonse, osachotserako ngakhale senti imodzi.

Kalata yotereyi imandinyansa. Kugwira wakupha ndi ntchito ya apolisi, palibe akutsutsa. Nanga kudziwa amene anali ndi makiyi a zipinda tsiku limenelo ndi ntchito ya yani? Geti linakhala lothyoka kwa masabata angati, nyali ya poimika magalimoto inazima liti, m'zipinda zopanda anthu munkagona ndani? Zonsezi mwini malo amazidziwa, kapena ankayenera kuzidziwa, ndipo kuti ayankhe safunika kudikira kuti wakuphayo apezeke. Amakhala chete chifukwa kusapezeka kwa wakuphayo kumamuchitira ubwino. Mzinda umodzi wokha, Orlando m'chigawo cha Florida, uli ndi umboni wokwanira wa zimenezi.

Jennifer Kesse anali ndi zaka 24, womaliza maphunziro pa University of Central Florida, wogwira ntchito yoona za ndalama pa kampani ina. Anali atangogula kumene fulati yake pa Mosaic at Millenia, malo otchingidwa ndi mpanda, okhala ndi geti. Usiku wa pa 23 Januwale 2006 analankhula ndi chibwenzi chake pa foni monga ankachitira masiku onse. M'mawa wa pa 24 sanafike kuntchito. Makolo ake atathamangira ku fulatiko anapeza zonse zili m'malo mwake, thaulo likadali lonyowa, zovala zitayalidwa pabedi, kusonyeza kuti anasamba n'kukonzekera ulendo wa kuntchito. Jennifer mpaka lero sanaonekenso, ndipo palibe munthu amene anaimbidwapo mlandu.

Patapita masiku awiri galimoto yake yakuda, Chevrolet Malibu, inapezeka pa mafulati ena otchedwa Huntington on the Green, pafupifupi makilomita awiri kuchokera kwawo. Pamenepo panali kamera, ndipo inajambula. Inaonetsa munthu akuimika galimotoyo chakumasana pa 24 pomwepo, n'kutuluka, n'kumapita wapansi m'mbali mwa mpanda wazitsulo. Koma kamerayo inkangotola chithunzi chimodzi pa masekondi atatu alionse, ndipo pa chithunzi chilichonse nkhope ya munthuyo inabisika kuseri kwa chitsulo cha mpandawo. Akatswiri a NASA anayesa kuzikonza zithunzizo koma nkhope sinatuluke. Chimene ofufuza anakwanitsa ndi kungoyerekeza kutalika kwa munthuyo.

Taganizirani kholo limene laonetsedwa zithunzi zimenezo. Munthu amene akudziwa komwe kuli mwana wako ukumuona ndi maso, miyendo yake, zovala zake, mayendedwe ake, koma nkhope ayi. Anthu amati munthuyo anali ndi mwayi wodabwitsa. Ine mawu amenewo sindiwafuna. Kamera yotola chithunzi chimodzi pa masekondi atatu, yoloza pomwe zitsulo zikutchinga, pali munthu amene anaisankha, pali amene anaikhoma pamalopo. Kamera zambiri za pa mafulati amaziika kuti wofuna nyumba aziona n'kukhazika mtima pansi posaina pepala, ndipo zikamadzafunika pa ntchito yake yeniyeni m'pamene zimadziwika kuti palibe anakhalapo pansi n'kuonetsetsa chimene zimajambula.

Palinso china pa nkhani ya Jennifer chimene chimandiwawa kuposa kamera. Nthawi imeneyo pa Mosaic at Millenia panali ntchito yokonzanso nyumba, ndipo ena mwa antchitowo ankagona m'mafulati omwe anali asanagulidwe. Jennifer anali atauzapo abale ake kuti ena mwa amunawo ankamuponyera mawu akamadutsa ndipo sankamasuka nawo. Atasowa, apolisi anavutika kuwafunsa bwinobwino, ena chifukwa cha kusiyana kwa zilankhulo. Sindikuloza chala amuna amenewo. Ambiri anali anthu ofunafuna chakudya cha ana awo kutali ndi kwawo, ndipo palibe mmodzi amene anapezeka wolakwa. Kunyoza wantchito wosauka wochokera kunja n'kosavuta, ndipo anthu akhala akuchita zimenezo pa nkhaniyi kwa zaka zambiri. Funso langa likupita kwa amene amalola anthu kugona khomo ndi khomo ndi mtsikana wokhala yekha. Wopereka chilolezo chotero ayenera kukhala ndi dzina la aliyense, chipinda chomwe akugona ndi kiyi yemwe wanyamula, kuti apolisi akafika m'mawa awapatse pepalalo pompopompo. Iyi si ntchito yofuna ukatswiri. Imafuna kope ndi cholembera.

Makolo a Jennifer anafika pokasumira apolisi a ku Orlando mu 2018 kuti angoona zomwe zinalembedwa pa nkhani ya mwana wawo. Mu 2019 anapatsidwa masamba pafupifupi 16,000, n'kuyamba kuwafufuza okha ndi ofufuza olipidwa ndi banja. Mu 2022 nkhaniyo inapita m'manja mwa Florida Department of Law Enforcement. Akuluakulu anati mlandu suola, ndipo banja limeneli lasonyeza kuti n'zoona. Umboni wokha ndiwo umaola. Antchito amabalalika, mafulati amagulitsidwa, oyang'anira amasintha, ndipo mafunso omwe akanayankhidwa pa tsiku loyamba amasowa wowayankha.

Wina anena kuti poti wolakwa sanapezeke, sitinganene kuti ngozi inachokera mkati mwa mpanda. N'zoona. Koma taonani zomwe zinapezeka mumzinda womwewo pa milandu imene inafufuzika. Mu Okutobala 2015 Sasha Samsudean, wa zaka 27, anapezeka ataphedwa pabedi lake pa Uptown Place. Amene bwalo linamupeza wolakwa mu 2017 n'kumulamula kukakhala kundende moyo wake wonse ndi Stephen Duxbury, mlonda wa pamalopo, munthu amene ankalipidwa kuti amuteteze.

Kenaka Miya Marcano, mtsikana wa zaka 19, wophunzira pa Valencia College, yemwe ankakhala komanso kugwira ntchito mu ofesi ya Arden Villas. Mnzake wa pantchito, Armando Caballero, wokonza zowonongeka m'mafulatimo, ankamufuna, iye n'kumakana. Pa 24 Sepitembala 2021, Miya atatsala pang'ono kuweruka, kiyi wamagetsi wotsegula zitseko zonse, yemwe Caballero anali naye, anatsegula chitseko cha fulati ya Miya. Madzulo amenewo mtsikanayo ankayenera kukwera ndege kupita kwa makolo ake, koma sanakwere. Caballero anapezeka atadzipha pa 27 Sepitembala, ndipo mtembo wa Miya unapezeka patchire pa 2 Okutobala. Makina analemba nthawi yeniyeni imene chitseko chinatsegulidwa. Zolembedwazo zinathandiza apolisi kudziwa zomwe zinachitika, koma Miya sizinamuthandize, chifukwa pa nthawi imene chitseko chinkatseguka panalibe amene anaimirira n'kufunsa kuti bambo uyu akukatani m'chipinda cha mtsikana.

Mpanda, geti ndi kamera zonse zimayang'ana kunja, kudikira wakuba wochokera kumsewu. Wokhala pa lendi amakhoma chitseko chake monga kalata ija imamulangizira, osadziwa kuti ndi anthu angati amene angachitsegule iye ali mtulo.

Banja la Miya silinakhale pansi. Linakakamiza aphungu a Florida mpaka mu Juni 2022 bwanamkubwa Ron DeSantis anasaina lamulo lotchedwa dzina la mtsikanayo. Lamulolo likuti eni mafulati azifufuza mbiri ya aliyense amene akumulemba ntchito, azisunga kaundula wa makiyi onse otuluka ndi obwezedwa, ndiponso azidziwitsa wokhala m'nyumba kutatsala maola 24, m'malo mwa 12 akale, asanalowe kukakonza zinthu. Ndi lamulo labwino. Chomvetsa manyazi n'chakuti panafunika maliro a mwana wa zaka 19 kuti makampani otolera ndalama zankhaninkhani mwezi ndi mwezi auzidwe kuti azilemba amene watenga kiyi.

Mfundo yakuti mwini nyumba ali ndi udindo pa chitetezo si yachilendo ku America. Mu 1959 mayi Sarah Kline analowa m'nyumba ya mafulati 585 pa 1500 Massachusetts Avenue mumzinda wa Washington. Pakhomo lalikulu pankakhala mlonda usana ndi usiku. Pofika 1966 mlondayo anali atachotsedwa, zitseko zina zinkasiyidwa zosakhoma, ndipo umbanda m'makhonde unali ukuchuluka eni ake akudziwa. Mu Novembala chaka chomwecho mayiyo anamenyedwa ndi kuberedwa m'khonde la nyumbayo. Mu 1970 bwalo la apilo linagamula kuti mwini nyumbayo ali ndi mlandu, chifukwa iye yekha ndiye ali ndi mphamvu pa zipata, makhonde ndi masitepe. Wokhala pa lendi sangalembe mlonda wa nyumba yonse, sangasinthe loko wa pageti, sangasunthe kamera. Chigamulo chimenechi sichinadalire kuti wachiwembuyo ndi ndani. Chinayang'ana pa zomwe mwini nyumba ankadziwa ndi zomwe analeka kuchita.

Ndiye taonani zomwe Florida inachita pasanathe chaka chisainireni lamulo la Miya. Pa 24 Malichi 2023 bwanamkubwa yemweyo anasaina lamulo lina, HB 837, limene makampani a inshulansi ndi amalonda analilandira ndi manja awiri. Lamuloli lili ndi mndandanda wa zofunika pa malo okhala ndi mafulati asanu kapena kuposerapo: kamera pa zipata zosunga zithunzi kwa masiku 30, nyali poimika magalimoto ndi m'makhonde, loko wolimba pa chitseko chilichonse, zokhomera mawindo, kabowo kosuzumira wogogoda, geti lokhoma pa dziwe losambira, kuunikitsa malowo kwa akatswiri ndi kuphunzitsa antchito. Mwini malo akasonyeza kuti anachita zimenezi, bwalo limayamba ndi kumuona ngati wosalakwa pa chiwembu chochitidwa ndi munthu amene si wantchito wake. Komanso oweruza amauzidwa kuti pogawa mlandu aziwerengera ndi wachiwembu yemwe, ndipo gawo limene lagwera iyeyo mwini malo salilipira.

Zinthu zili pa mndandandawo n'zabwino, sindikuzikana. Koma lamuloli likagwera pa mlandu umene wakupha sanapezeke, banja limatsala pamtunda. Lisonyeza bwanji kuti wakuphayo anali wantchito wa pamalopo kapena wochokera kunja, pamene makaundula onse ali mu ofesi ya amene likumusumirayo? Loya wa kampani angoloza mpando wopanda munthu n'kunena kuti wolakwa ndi uyo, mupatseni iyeyo mlandu wonse. Munthu wopanda dzina sayankha, salipira, satsutsa. Kamera ikhoza kukhalapo, n'kusunga zithunzi masiku 30 onse monga lamulo likunenera, zithunzizo zili za munthu wobisika kuseri kwa chitsulo.

Eni mafulati ali ndi dandaulo lawo, ndipo ndalimva. Amati iwo si apolisi, sangaletse umbanda wonse, ndipo milandu ya chipukuta misozi imakweza mtengo wa inshulansi, zomwe zimakwezanso lendi ya anthu osauka. Mbali ina n'zoona. Palibe mpanda umene ungatchinge munthu aliyense wa mtima woipa. Koma amene amalemba pa zikwangwani kuti malo ano ndi otchingidwa, ali ndi geti, ali ndi makamera, ndi iwo omwe, ndipo mawu amenewo amawaika pa mtengo wa lendi. Kholo lofunira mwana wake wamkazi pokhala limalipira zochulukirapo chifukwa cha lonjezo limenelo. Sungagulitse chitetezo pa tsiku losaina kenaka n'kudzanena pa tsiku la maliro kuti chitetezo ndi udindo wa munthu aliyense payekha. Ngati simungachikwanitse, chotsani chikwangwanicho, tsitsani lendi, muwauze anthu chilungamo kuti adziwe podzitetezera.

Chimene chikufunika n'chapafupi. Munthu akaphedwa kapena akasowa pa mafulati, lamulo likakamize mwini malo kutseka ndi kupereka kwa apolisi tsiku lomwelo kaundula wa makiyi, mayina a antchito onse kuphatikizapo a makontilakitala, zithunzi za makamera onse ndi madandaulo onse omwe okhalapo anaperekapo kale. Okhala pamalopo auzidwe poyera kuti ndi geti liti linali lothyoka, ndi anthu angati ali ndi kiyi wotsegula zitseko zonse, ndipo maloko asinthidwa liti. Kunena zimenezi sikusokoneza kafukufuku wa apolisi ngakhale pang'ono. Amene akuopa kupitiriza kugona pafupi ndi chipinda chomwe mnzake waphedwera, wakupha asanagwidwe, aloledwe kusamuka popanda kulipitsidwa chindapusa chothetsera pangano. Ndipo mwini malo amene walephera kuonetsa kaundula wa makiyi asaloledwe kuima m'bwalo n'kunena kuti wakuphayo anachokera kunja.