Ndeke Ikamalira, Amai Amatuluka Panja



Mu mphakati wina wa ku chalichi kwathu muli amai ena acikulire amene sangathe kukhala m'nyumba ndeke ikamadutsa. Ngakhale ali pakati pothyakula nsima, amasiya mthiko mumphika natuluka pabwalo, dzanja pamphumi, kuyang'ana kumwamba kufikira phokoso litazirala. Kuno kum'mawa ndeke sizidutsa kawirikawiri, ndipo zambiri mwa izo ndi za alendo opita kukaona nyama ku Mfuwe. Iwo adziwa bwino zimenezi. Koma mwana wao wacitatu ndi msilikali wa Zambia Air Force, woyendetsa ndeke, ndipo kwa iwo ndeke iriyonse yam'mwamba yanyamula mwana waoyo.

Amuna ao ndi osiyana nao. Pamsika amayenda cifuwa patsogolo, ndipo aliyense wowapatsa moni amamva za mwana amene anaphunzira ku Livingstone, amene tsopano akulu-akulu amuchula ndi udindo wake. Koma amai anandiululira kuti usiku bamboyo amadzuka kawiri kapena katatu, nati akukaona mbuzi kukhola, cikhalireco mbuzi zao zinagulitsidwa kale polipirira sukulu mwana yemweyo.

Tsiku limene amaiwa anabwera kudzandiuza za mtima wao, ndinawayankha monga timayankhira ife akatekisti tikafulumira: ndinati asade nkhawa, Mulungu alipo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandifunsa ngati ndikumbukira kumene ndinali m'mawa wa pa 28 Epulo 1993. Ndinakhala cete, cifukwa ndikumbukira. Ndinali mnyamata, ndipo tinaunjikana pa wailesi imodzi mudzi wonse.

Acinyamata obadwa pambuyo pake angomva mbiri yake. Usiku wa pa 27 Epulo caka cimeneco, ndeke ya asilikali athu ya mtundu wa Buffalo inanyamula timu ya mpira ya dziko lino kupita ku Dakar kukamenya ndi Senegal. Inatera ku Brazzaville, inateranso ku Libreville m'dziko la Gabon, ndipo itangonyamuka kumeneko inagwera m'nyanja pafupi ndi gombe. Anthu onse 30 anamwalira. Mwa iwo 18 anali osewera mpira, ndipo maina ao tinawaloweza, ana athu ena tinawacha maina omwewo. Pamene timu yathu inatenga cikho ca Africa mu 2012 mumzinda womwewo wa Libreville, tinawaliranso. Koma amai aja anandifunsa funso lina: kodi asilikali asanu amene anali kugwira nchito m'ndekeyo, ndani angathe kuwachula? Anaikidwa pamodzi ndi anzao pafupi ndi Independence Stadium mu Lusaka, iwonso anabadwa kwa akazi, ndipo ine amene ndimadzitama kuti ndine wokumbukira zinthu sindinathe kuchula oposa mmodzi.

Anandikumbutsanso za dzana-dzanali, tsidya la malire. Pa 10 Juni 2024 ndeke ya asilikali a Malawi inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, nimwalira Waciwiri kwa Mtsogoleri wa dzikolo, a Saulos Chilima, pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu. Atatu mwa iwo anali asilikali oyendetsa ndi kusamala ndekeyo. Ife tinali kumvetsera dzina la munthu wamkulu. Amaiwa anali kuwerenga asilikali.

Apo ndinazindikira kuti mantha ao si a munthu wopanda cikhulupiriro kapena wosadziwa zinthu. Ndi mantha a munthu amene wawerenga bwino. Kuuza kholo lotere kuti lisade nkhawa kuli ngati kuuza mlimi kuti asayang'ane mitambo m'mwezi wa Novemba.

Ndinapita kunyumba ndi manyazi, ndipo usiku umenewo ndinatsegula Buku la Tobiti, limene ife Akatolika tili nalo m'Baibulo lathu koma sitiliwerenga kwenikweni. M'menemo muli banja lofanana ndi ili. Mnyamata Tobiya watumidwa ulendo wautali ku dziko la Mediya kukatenga ndalama za atate wake. Masiku obwerera apitirira. Atate, amene ndi akhungu, akhala m'nyumba kuwerenga masiku ndi kupeka zifukwa zimene zingamucedwetse, nauza mkazi wao kuti atonthole. Amai, a Ana, sawamvera. Tsiku ndi tsiku atuluka kukayang'ana njira imene mwana anapitira, cakudya sadya, usiku sagona. Cimene cinandigwira mtima n'cakuti wolemba bukulo sawadzudzula amaiwo, ndipo pamene mwana abwera, woyamba kumuona ndi iwo omwe, popeza ndiwo anali pamseu. Koma cina ndi ici: nthawi yonseyo Tobiya sanamve kulira kwao. Anali ndi ulendo woti ayende, ndipo anayenda ndi mutu wopepuka.

Ana a masiku ano alibe mwai umenewo, cifukwa foni ili m'thumba. Amai athuwa anali kuimbira mwana wao pakati pa usiku akalota maloto oipa. Anali kumuimbira akamva mphekesera pa wailesi, kapena mdzukulu akawaonetsa cithunzi ca ndeke yakugwa pa Facebook, ngakhale ya dziko lakutali. Bambo nao anali kuimba, koma za feteleza, za malata, za mlandu wa munda ndi a mfumu. Mwanayo akapanda kuyankha, m'nyumba simudyedwa kanthu.

Pamene anabwera pa chuti, ndinamupempha kuti tikhale pansi tonse anai, awafotokozere makolo ake nchito yake monga angafotokozere mwana wa Giredi 5. Anayamba monyinyirika, pakuti asilikali aphunzitsidwa kusunga pakamwa, ndipo za kumene apita ndi tsiku lopita sangaziulule ngakhale kwa amai ake. Koma zina anatiuza, ndipo ine ndemwe ndinaphunzirapo. Ndeke siinyamuka monga minibasi imene kondakitala angomenya citseko. Amakanika amayamba aipima nalemba dzina lao papepala kutsimikiza kuti iri bwino. Woyendetsa amaizungulira yekha ndi maso ndi manja, amamva za nyengo ya njira yonse kwa odziwa za mitambo, ndipo ali ndi ndandanda ya zinthu zimene amawerenga cimodzi-cimodzi asanalize injini, ngakhale atazidziwa pamtima ngati Atate Athu. Madokotala amamupima maso, makutu ndi mtima nthawi ndi nthawi. Zimene angacite injini ikazima m'mwamba amazibwereza kambirimbiri ali pansi. Ndipo ndeke zing'ono zankhondo, monga K-8 ndi L-15 zimene dziko lino linagula ku China, zili ndi mpando umene ungamuponye kunja woyendetsa zinthu zikafika poipa, atsike ndi cambulera.

Anawauzanso kuti nchito yambiri ya ndeke za asilikali athu si kuombera anthu. Zimanyamula odwala ndi cakudya madzi akadula milatho, zimafikitsa mapepala a masankho kumene galimoto silingafike, ndipo mu 2023, namondwe Freddy atasakaza kum'mwera kwa Malawi, zina zinapita kukathandiza abale athu kumeneko. Ndinaona nkhope ya amai ikumasuka pang'ono. Zaka zonsezi anali kuganiza kuti mwana wao amadzuka m'mawa uliwonse kupita kunkhondo.

Kenaka mnyamatayo anagwada, monga mwana woleredwa bwino, napempha cinthu cimodzi: tulo. Anati cida cacikulu ca woyendetsa ndeke ndi mutu wopumula, ndipo foni ya usiku yonena kuti amai alota manda imakwera naye m'ndeke m'mawa mwake. Mau amenewa si acabe. Lipoti limene boma la Gabon linatulutsa mu 2003, patapita zaka khumi, linanena kuti injini imodzi ya Buffalo ija inaonongeka, kuti m'cipwirikiti cimeneco injini yabwino ndiyo inazimitsidwa, ndi kuti woyendetsa anali wotopa popeza anali atangobwera kumene ndi timu yomweyo kucokera ku Mauritius. Ine sindine woweruza wa munthu amene anafa ali pa nchito, ndipo amene anamutuma ulendo pa ulendo ali ndi mbali yao. Ndingoti kutopa kwa woyendetsa ndeke si nkhani yaing'ono, ndipo ife makolo tisakhale pakati pa amene amutopetsa.

Pano ndilankhule mosabisa kwa azibambo anzanga. Ambiri a ife mwana akavala yunifomu timamuyesa banki. Nkhawa yathu sitiichula, timaisandutsa mapempho, mwina cifukwa kupempha thumba la feteleza n'kopepuka kuposa kunena kuti mwana wanga, ndikuopa. Kuthandiza makolo ndi udindo wa mwana, inde, koma mlandu wa munda ungadikire kufikira atatera.

Panalinso nkhani ya kacithumwa kamene azakhali ake anasokera m'thumba la jekete lake iye osadziwa. Sindinakalipe, pakuti ndidziwa cikondi cimene cinasoka. Koma mnyamatayo anaseka nati m'cipinda ca woyendetsa saloleza kanthu kalikonse kotayirira, ngakhale kakobiri, cifukwa kangagwere m'zitsulo zoongolera ndeke n'kuzigwira. Azakhali anacotsa okha.

Tinapangana motere. Iye adzatumiza mau awiri pa foni akamaliza nchito ya tsikulo, ngati malamulo amulola. Akapanda kutumiza, asayese kuti kwagwa kanthu, pakuti nkhani yoipa ya msilikali imabwera ndi akulu ake a nchito, siibwera ndi Facebook. Iwo sadzaimba dzuwa litalowa. Maloto akabwera, amai adzapita nao kwa anzao awiri a mu mphakati amene anadzipereka kudzutsidwa ora liri lonse, mmodzi wa iwo mwana wake ndi dalaivala wa malole a ku Beira, ndipo adziwa kudikira kumene kuli. Mutu umodzi susenza denga, koma denga limeneli tinali kulisenzetsa mwana amene ali kale ndi katundu wake.

Mabanja otere adzacuruka, ndipo si a ana aamuna okha. Mu 2017 Thokozile Muwamba anakhala mkazi woyamba m'dziko lino kuyendetsa ndeke yankhondo, ndipo atsikana ambiri a m'makalasi athu a katekisimu anaona cithunzi cake. Wina akadzakuuzani kuti afuna kutsata njira imeneyo, musamutsekere ndi misozi yanu. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Mpingo sunawaiwale anthu a m'mlengalenga. Mu 1920 Papa Benedikito XV anaika Amai Maria a ku Loreto kukhala nkhoswe ya oyenda pa ndeke, ndipo tsiku lao ndi 10 Disemba. Ndinapempha a Bambo Mfumu kuti pa tsikulo tipereke Misa ya ana athu a ku Lusaka, ku Mumbwa, ku Mbala ndi ku Livingstone, ndi kuti pa 27 Epulo tizikumbukira anthu 30, osati 18 okha. Anavomera, nandipatsa nchito yofufuza maina asanu aja kuti adzawerengedwe pa guwa.

Sabata yatha ndinadutsa kwa amai aja masana, helikopita ikupita ca ku Chipata. Anatuluka ndithu, dzanja pamphumi monga kale. Koma ndinaona kuti ayamba aphula mphika pamoto, ndipo phokoso lisanathe anacita cizindikiro ca mtanda nabwerera kukaomola nsima. Bambo anali pansi pa mtengo wa mango, maso pa nyuzipepala imene anaigwira cozondoka.