ZA M'MAIKO AKUTALI: Ulalo wa ku St. Petersburg ndi Eni Ake Ofunsidwa Mocedwa

Pa 31 May 2013 khonsolo ya mzinda wa St. Petersburg, m'cigawo ca Florida ku United States of America, inatseka ulalo wake wochuka wolowa m'nyanja, nilonjeza eni mzinda kuti m'kanthawi kocepa idzaugwetsa ndi kumanga wina watsopano. Eni mzindawo anadikira kufikira pa 6 July 2020 kuti aponde phazi pa ulalo watsopanowo. Pa zaka 7 zimenezi ndalama zinalipo, akatswiri ojambula mapulani anali mbwee, ndiponso makampani ofuna kontrakiti sanasowe iai. Cimene cinacedwetsa nchito cinali cakuti khonsolo inaitana makampani kuti apikisane isanamvane ndi anthu ake za cinthu cimene anafuna kugula ndi ndalama zao za msonkho.

Ulalo wa mtundu umenewu suolotsa munthu kunka kutsidya lina. Umayambira pagombe, nuyenda pamwamba pa madzi utakhazikika pa nsanamira zozikidwa pansi pa nyanja, nukathera pakati pa madzi pomwepo. Pacingerezi amaucha pier. Amene anafikako ku Mpulungu ndi kuona pamene zombo zimakoceza pa nyanja ya Tanganyika angathe kuyerekeza pang'ono, ngakhale kuti wa ku St. Petersburg unaleka kalekale kulandira katundu, nusanduka malo opitako mphepo, oweza nsomba, odyera ndi ogulitsirako malonda kwa alendo.

Mzindawu unakula pamodzi ndi maulalo ake. Woyamba unamangidwa m'caka ca 1889 ndi kampani ya njanji ya Orange Belt Railway, ya Bambo Peter Demens wobadwira ku Russia, kuti sitima za pamtunda zizikumana ndi zombo m'nyanja ya Tampa Bay. Mkuntho wa mu October 1921 unaononga maulalo amene analipo, ndipo mzinda unamanga wina waukulu umene unatsegulidwa mu November 1926, wodziwika ndi dzina lakuti Million Dollar Pier cifukwa ca mtengo wake. Nyumba ya kumapeto kwake inagwetsedwa mu 1967, ndipo mu January 1973 panatsegulidwa nyumba ina yosanja kasanu, yojambulidwa ndi Bambo William Harvard, yooneka ngati piramidi lozondotsa: yopapatiza pansi, yotambalala pamwamba. Ena anaiseka, ena anaikonda, koma kwa zaka 40 ndiyo inali cizindikiro ca mzindawo.

Bvuto silinali m'nyumbayo kweni-kweni. Linali pansi. Nsanamira zambiri zonyamula mseu wopita kunyumbayo zinali zomwe zija za mu 1926. Madzi a mcere amalowa pang'onopang'ono m'ming'alu ya simenti kufikira atapeza zitsulo za m'kati. Zitsulozo zikacita dzimbiri zimatupa, ndipo potupa zimang'amba simenti ija kucokera m'kati, nkhungu ya mcere nilowanso moposa kale. Akatswiri atayesa nsanamirazo anacenjeza kuti masiku ake ali pafupi kutha. Tsono mu 2005 khonsolo inapangana ndi boma la dera la Pinellas County kupatula madola 50 miliyoni. Ndalamazi zinali zocokera ku msonkho wa nyumba ndi malo a pakati pa mzinda: mtengo wa malowo ukakwera, msonkho woonjezekawo unali kusungidwa padera kuti ugwire nchito za citukuko m'dera lomwelo. Mu August 2010 makhansala anabvota kuti ulalo wonse ugwetsedwe, pamodzi ndi piramidi lija.

Apa ndi pamene njira inayamba kukhota. Khonsolo inalengeza mpikisano wa akatswiri a maiko onse, ndipo m'caka ca 2011 panatsala magulu atatu: la Bambo Michael Maltzan wa ku Los Angeles, la BIG la ku Denmark, ndi la West 8 locokera ku Netherlands. Mu January 2012 oweruza anasankha pulani ya Bambo Maltzan yochedwa The Lens. Pa pepala inali yokongola zedi: njira ziwiri zokhotakhota zoyenda pamwamba pa madzi, zokakumana pa denga lalikulu loyera lofanana ndi korona. Koma anthu wamba atayang'anitsitsa anayamba kufunsa mafunso a tsiku ndi tsiku. Nanga munthu adzakhala pati dzuwa la Florida likaswa mtengo? Nanga malo odyera aakulu ndi masitolo amene anazolowera adzakhala kuti? Munda wa pansi pa madzi umene unali pa pulani yoyamba unacotsedwa, popeza anthu odziwa za nyanja anati madzi a Tampa Bay ndi obvunduka kotero kuti woyang'ana pamwamba sakanaona kanthu. Denga lija nalonso linasinthidwa kuti likhale la zitsulo, ndipo otsutsa sanacedwe kukumbutsa khonsolo zimene mcere umacita ndi citsulo.

Mpikisanowo unayenda mwa lamulo, ndipo palibe cifukwa conenera kuti oweruza anasankha mwacinyengo. Iwo anafunsidwa kuti asankhe pulani yopambana mwa zitatu, ndipo anayankha funso lomwelo. Funso loyambirira, lakuti eni mzinda afuna ulalo wocitapo ciani, ndiponso ngati abvomera kuti piramidi ligwe, silinaperekedwe kwa eni akewo pa voti. M'caka ca 2012 gulu lina la nzika linasonkhanitsa masaini zikwi zambiri kupempha kuti nkhani ya ulalo ipite ku cisankho ca anthu onse, koma makhansala anakana. Akale anati safunsa anadya phula. Gulu laciwiri, la Concerned Citizens of St. Petersburg, linawerenga bwino malamulo oyendetsera mzinda, nililemba pempho lake m'njira imene khonsolo sinathe kuikana: lamulo lothetsa kontrakiti ya The Lens.

Pokhala kuti voti linali m'njira, nzeru ikanakhala kusiya ulalo wakale uli wotsegula kufikira anthu atalankhula. Khonsolo, motsogozedwa ndi Meya Bill Foster, inautseka ndithu pa 31 May 2013, kutatsala miyezi itatu yokha kuti voti licitike. Nyumba zodyeramo zinatsekedwa, eni masitolo anasamutsa katundu wao, ndipo anchito anapita kwao. Pa 27 August 2013 anthu anabvota, ndipo 63 mwa 100 alionse anathetsa kontrakitiyo. Ngakhale funso la pa pepala lobvotera linali lozunguza mutu, pakuti wokana The Lens anayenera kuconga pa "inde", ciwerengero cotere sicikanacokera ku kusokonezeka kokha. Madola pafupifupi 4 miliyoni anali atapita kale, ndipo mzinda unatsala ndi ulalo wotseka wopanda wina woulowa m'malo. Mu November caka comweco Bambo Foster anagwa pa masankho, ndipo umeya unapita kwa Bambo Rick Kriseman. Panali nkhani zinanso pa masankhowo, koma ya ulalo inali pakamwa pa aliyense.

Meya watsopano anayambira kumene anzake anadumpha. M'caka ca 2014 anakhazikitsa kabungwe ka nzika kuti kayende m'madera kufunsa anthu zimene afuna kukapeza pa ulalo: poweza nsomba, pokhala pa mthunzi, podyera, poonera nyanja, pokoceza mabwato, posewerera ana. Mndandanda umenewu ndiwo unaperekedwa kwa akatswiri monga muyeso. Magulu 16 anadzipereka, ndipo 8 anapemphedwa kujambula mapulani okwana m'ndalama zotsala, madola 46 miliyoni.

Pano pafunika kufotokoza kuti nchito ya ulalo wotere siikhala ndi tenda imodzi, ndipo iliyonse ili ndi lamulo lake. Yogwetsa ndiyo yosabvuta kumvetsa: khonsolo imalemba zonse zofunika kucita, makampani amapereka mitengo yao mobisa, ndipo wa mtengo wotsika amene wakwaniritsa zofunika zonse ndiye amapatsidwa nchito. Ya ojambula mapulani ili ndi njira ina. Lamulo la cigawo ca Florida la mu 1973, lochedwa Consultants' Competitive Negotiation Act, limati akatswiri otere asankhidwe poyang'ana luso lao, osati kutsika kwa mtengo. Komiti imawandandalika kuyambira woyamba kufikira wacitatu, ndipo khonsolo imakambirana za malipiro ndi woyambayo. Zikakanika, imapita kwa waciwiri. Cifukwa cake ncomveka. Pulani yochipa ikhoza kubala ulalo wodula, ndipo colakwa ca pa pepala cimaonekera simenti itauma kale. Koma lamulo lomweli litanthauza kuti maganizo a anthu onse angathe kumvedwa, osati kulamula.

Zimenezi zinaonekera poyera m'miyezi yoyamba ya 2015. Khonsolo itafunsa nzika kuti zisankhe mwa mapulani 7 amene anatsala, yoyamba inakhala Destination St. Pete Pier, imene inafuna kusunga piramidi lija ndi kulikonzanso. M'gulu lake munali kampani ya Harvard Jolly, yoyambitsidwa ndi amene anajambula piramidilo. Yaciwiri inali Pier Park. Komiti yosankha, pa msonkhano wa mu March umene unatenga tsiku lathunthu kufikira usiku, inaoneka kuti ikupendekera ku pulani ina yochedwa Alma, imene anthu anaiika kumbuyo ndithu. M'cipinda munali phokoso, ndipo komiti inaimitsa cigamulo. Pa 23 April inaika Pier Park patsogolo, pulani ya makampani a Rogers Partners, ASD ndi Ken Smith, ndipo pa 7 May makhansala anabvomereza, 7 kwa mmodzi.

Kodi anthu ananyengedwanso kaciwiri? Okonda piramidi anatero, ndipo dandaulo lao linali ndi pogwira, pakuti kufunsa munthu ndi kusankha cina kumapweteka. Komabe ulendo uno sipanakhale voti lina logwetsa kontrakiti. Kusiyana kwake kunali kwakuti pulani yosankhidwayo inali ndi zinthu zimene anthu anachula okha poyamba paja, ndiponso inali yaciwiri pa zokonda zao, osati yacilendo yotsika kumwamba. Komiti ikanaumirira pa Alma, nkutheka kuti mzinda ukanabwereranso poyambira.

Kugwetsa kunayamba mu August 2015. Piramidi linagwa m'miyezi yocepa, koma kuzula mseu wa pamadzi ndi nsanamira zake kunapitirira mpaka 2016. Nchito ya m'madzi imafuna cilolezo ca bungwe la Army Corps of Engineers, limene limayang'anira madzi oyendamo zombo m'dzikomo, ndipo wogwetsa saloledwa kungotayira zigumu m'nyanja momwe muli udzu wa pansi pa madzi ndi nsomba. Zina mwa zigumu za simentizo zinakalimbitsa gombe la bwalo la ndege la Albert Whitted limene lili pafupi. Mwambo woyamba kumanga unacitika pa 28 June 2017, ndipo kampani ya Skanska ndiyo inatsogolera omanga. Kontrakiti yake inali ya mtundu umene kampani imalowa m'nchito mapulani asanathe, nilangiza za mitengo, kenaka nilonjeza malire a ndalama amene sidzapitirira pa nchito yogwirizana. Ikapitirira popanda khonsolo kuonjeza nchito, imalipira yokha.

Mau akuti "popanda khonsolo kuonjeza nchito" ndiwo ali ndi nkhani yonse ya mtengo. Anthu anauzidwa za madola 50 miliyoni mu 2005, koma pa kutsegula mu 2020 mtengo wolengezedwa unali madola 92 miliyoni. Cifukwa cacikulu ndi cakuti nchito yeniyeniyo inakula. Mu 2015 panapatulidwa madola 20 miliyoni ena okonzera malo a pamtunda ofikira ku ulalo, nchito imene inapatsidwa kwa kampani ya W Architecture pa mpikisano wake-wake, ndipo pambuyo pake zinaonjezedwanso zina monga bwalo losewerera ana, zosema ndi zokongoletsa, ndi kukonza makoma ochinga madzi pagombe. Zaka 15 nazonso sizisiya mtengo wa simenti ndi citsulo pamene unali. Wina angathe kunena kuti mzinda unagula cinthu cacikulu kuposa cimene unaganizira poyamba, ndipo ndi zoona. Koma ndi zoonanso kuti ciwerengero coyamba cija cinaikidwa anthu asanagwirizane cimene adzamanga, kotero cinali kuyerekeza cabe kumene kunabvala malaya a lonjezo.

Cimene cilipo lero ndi malo a maekala 26, ochedwa St. Pete Pier, okhala ndi kapinga, kagombe ka mcenga, msika wa amalonda ang'ono-ang'ono, poweza nsomba, nyumba yophunzitsiramo za zamoyo za m'nyanja, ndi nyumba yosanja ya malo odyera kumapeto kweni-kweni. Kulowa ndi kwaulere. Tsiku lotsegulira linali litaikidwa pa 30 May 2020, koma mliri wa Covid-19 unalikankhira ku 6 July, ndipo m'masiku oyambirirawo eni mzinda amene anadikira zaka 7 anayenera kuyamba alembetsa maina ao kuti apatsidwe nthawi yolowera.