Chimfine cha ku Joni si chopepusa

Mwezi wa June chaka chatha ndidaperekeza mwana wa mlongo wanga kukakwera minibasi pa msewu wa M1. Amapita ku Lilongwe kuti akapeze basi ya ku Joni. Bambo ake adali atangogulitsa mabelo awo ku okushoni ya Chinkhoma, ndipo pa ndalamazo adapatulapo ya chitupa cha ulendo, ya thiransipoti ndi ya kamba. Mayi ake adamukazingira mtedza. Tonse tidamulangiza za akuba, za apolisi a m'njira ndiponso za atsikana a m'tauni. Za matenda palibe adatchulapo.

Patatha sabata imodzi adandiimbira foni mawu ali osasa. “Amalume, kandigwira kachimfine, koma musawauze amayi.” Ine ndidaseka n'kumuuza kuti amwe madzi a mandimu. Patapita masiku anayi amene adaimba adali mnzake wogona naye chipinda chimodzi. Mnyamata uja adali atagwa pa ganyu, akupuma mobanika. Kuchipatala adapeza kuti chimfine chija chabala chibayo. Adachira, koma mlongo wanga adagulitsa mbuzi ziwiri ndi matumba a chimanga, pamene ife timayembekezera kuti mwanayo ndiye azititumizira. Mpaka lero kuseka kwanga kuja kumandichititsa manyazi.

Ndalemba izi chifukwa kwathu kwa Njombwa, monganso madera ena a fodya m'boma la Kasungu, ulendo wa ku South Africa umayenderana ndi msika. Ndalama zimafika m'matumba pakati pa April ndi August, ndipo achinyamata ambiri amanyamuka nthawi yomweyo. Tsoka lake miyezi imeneyi ndiyo ya chisanu kumeneko, komanso ndiyo nyengo imene chimfine chimafala kwambiri m'dzikolo. Mzinda wa Johannesburg uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo usiku wa June ndi July kumazizira mwakuti m'mawa udzu umayera ndi chisanu. Kuzizira kwa ku Kasungu kumene timakudandaula kuja sikufikako. Mwana amene wanyamuka ndi kajuzi kamodzi amakafika ngati wapita kunkhondo wopanda chida.

Ganiziraninso za ulendowo. Basi ikatuluka pa chipata cha Dedza kapena cha Mwanza imadutsa ku Tete, kulowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, kupyola Harare, kuwoloka Limpopo pa Beitbridge, kenako n'kukaima ku Johannesburg. Ndi ulendo wa masiku pafupifupi awiri, anthu atathithikana, mawindo ali otseka chifukwa cha mphepo. Tizilombo ta chimfine timayenda m'timalovu ta munthu akamatsokomola kapena kuyetsemula, ndipo timatenga tsiku limodzi mpaka anayi kuti tigwetse munthu. Choncho amene watengera chimfine m'basi amayamba kudwala atangofika, asadapeze ntchito, asadadziwe kumene kuli chipatala, ndalama za kamba zitatha.

Vuto lathu Amalawi ndi loti mawu akuti chimfine timawagwiritsa ntchito pa matenda awiri. Pali chimfine cha mamina chimene munthu amalima nacho. Palinso china chimene madokotala amachitcha influenza, chobwera mwadzidzidzi ndi kutentha thupi, litsipa, kuphwanya m'thupi ndi chifuwa chouma. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chimfine chachiwirichi chimapha anthu pakati pa 290,000 ndi 650,000 chaka chilichonse. Chimavuta kwambiri kwa amayi oyembekezera, ana aang'ono, okalamba, odwala shuga kapena chifuwa chachikulu, ndiponso amene ali ndi kachilombo ka HIV.

Mbiri nayo ili ndi phunziro. Mu 1918 chimfine choopsa chidalowa m'South Africa kudzera m'madoko a Durban ndi Cape Town, ndipo chidapha anthu pafupifupi 300,000 m'dzikolo m'masabata ochepa. Sitima zapamtunda ndi anthu obwerera kwawo kuchokera kumigodi zidathandiza kuchifalitsa, ndipo chisadathe chakacho chidali chitafika kuno ku Nyasaland. Mu 2020 tidaonanso ndi maso athu mabasi akubweretsa abale athu pa chipata cha Mwanza nthawi ya Covid-19, ambiri atapezeka ndi matendawo. Njira imene agogo athu ankadutsa popita ku Wenela ndi yomweyo imene matenda amadutsa, popita ndi pobwera.

Pali misampha itatu imene aliyense wopita kumeneko ayenera kuidziwa. Woyamba ndi malungo. Malungo amayamba ngati chimfine, ndipo amatha kuonekera patapita masiku 10 mpaka 15 munthu atalumidwa ndi udzudzu. Munthu akhoza kulumidwa ali kumudzi kapena basi itaima ku Tete, n'kukadwalira ku Joni. Ku Johannesburg malungo safala ngati kuno, kotero namwino sangawaganizire msanga pokhapokha wodwala atanena kumene wachokera. Apa ndi pamene mantha amapha. Ena amabisa zoti angofika kumene kuchokera ku Malawi poopa kufunsidwa mapepala, n'kupatsidwa mankhwala a chimfine pamene malungo akukwera kumutu. Mukatentha thupi mutangofika, nenani kumene mwachokera ndipo pemphani kuti akuyezeni magazi.

Msampha wachiwiri ndi mbaula. M'tinyumba ta malata momwe ambiri amayambira moyo wa ku Joni, anthu amalowetsa mbaula usiku n'kutseka chitseko. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wakupha umene sununkha. Umayamba ndi litsipa, chizungulire ndi nseru, ndipo munthu amaganiza kuti ndi chimfine chomwe chija, n'kugona osadzukanso. Mbaula izigona panja.

Wachitatu ndi mankhwala ogula mwachisawawa. Tidazolowera kuti tikangotsokomola timathamangira makapisozi a amoxicillin kapena bactrim. Mankhwalawa sapha tizilombo ta chimfine. Amathandiza pokhapokha dokotala ataona kuti palowa matenda ena monga chibayo. Chimfine chimafuna kupuma, kumwa madzi ambiri ndi panado wochepetsa kutentha thupi, ndipo mwana asapatsidwe asipirini. Koma munthu akayamba kubanika, kumva kupweteka pachifuwa, kubwebweta, kapena kutentha thupi kukabwerera atayamba kupeza bwino, nthawi ya mandimu yatha. Apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Ena anena kuti ndikulankhula ngati munthu wosadziwa moyo wa kumeneko. Adzati waganyu akagona tsiku limodzi malo ake amatenga wina, ndipo mlendo kuchipatala salandiridwa bwino. Sindikutsutsa. Mu 2025 gulu la Operation Dudula linkaima pa zipata za zipatala zina n'kumabweza anthu a m'maiko ena, mpaka khothi lalikulu la ku Johannesburg lidaliletsa mu November chaka chomwecho. Koma m'pofunika kuti ana athu adziwe kuti gawo 27 la malamulo aakulu a dziko la South Africa limaletsa kumana munthu aliyense chithandizo cha mwadzidzidzi. Lamuloli silisankha nzika kapena mlendo. Ndipo za ganyu, werengerani nokha: masiku atatu ogona kunyumba ndi masabata atatu ogona m'chipatala, otaya zambiri ndi ati?

Mlandu waukulu uli ndi ife otsala kumudzi. Mwana asadathe n'komwe sabata timayamba kumuimbira za feteleza, za fizi ya ang'ono ake ndi za malata. N'chifukwa chake akadwala amabisa, amadzuka ndi thupi lotentha kupita kukasakaniza simenti m'mphepo kuti asaoneke wolephera. Mwana wa mlongo wanga sadabise matenda chifukwa cha umbuli. Adabisa chifukwa ankadziwa kuti ndalama za fodya wa chaka chonse zathera pa iye.

Tsono banja likakhala pansi kukonza ulendo, lionjezere zinthu zingapo. Pa ndalama za fodya papatulidwe ya matenda, ndipo isakhudzidwe ngakhale pa Beitbridge pavute bwanji. M'chikwama mukhale jekete lolemera, bulangete, chipewa, masokosi, panado ndi kabuku ka kuchipatala. Amene amamwa ma ARV kapena mankhwala a shuga ndi BP akambirane ndi achipatala asadanyamuke kuti atenge okwanira. Wotsokomola m'basi avale masiki, za Covid-19 zija tisaziiwale msanga. Amene ali kale kumeneko adziwe kuti katemera wa chimfine amapezeka m'mafamase ndi m'zipatala chisanu chisadayambe, amabaya chaka ndi chaka, ndipo amatenga masabata awiri kuti ayambe kuteteza. Pomaliza, banja likhale ndi nambala ya munthu wina wodalirika wokhala pafupi ndi mwanayo. Ife tidapulumukira pa mnzake uja.

Mafumu, mipingo ndi makalabu a alimi akhoza kuthandiza pofalitsa uthengawu nthawi ya msika, pamene achinyamata akumanga zikwama. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chaka chino mwana wina akaimba kuchokera ku Joni n'kunena kuti kamugwira kachimfine, musaseke ngati mmene ndidachitira ine. Mufunseni ngati akupuma bwino, ngati wayezetsa malungo, ndipo muuzeni kuti za feteleza zidikire.