Za Pakhomo: Bowa wa Kuseri kwa Nyumba

Mvula ikakhazikika m'mwezi wa Disembala, Mulungu amatipatsa ndiwo zimene sitinalime. Pachulu pamatuluka utale, ndipo m'nkhalango za mombo ndi masuku mumamera manyame ndi ndelema. Amayi akamtsuka bowayo, namphika ndi tomato, namtendera nsinjiro, nsima sichedwa m'mbale. Wotsala timamfutsa padzuwa kuti adzatithandize m'chilimwe.

Komatu kuseri kwa nyumba zathu, pazitsa ndi padzala, pamameranso wina wokongola amene makolo athu anamutcha chirombo. Ana akhoza kumzula ife tili kumunda. Tisanyengedwe ndi mau akuti bowa wodyedwa ndi tizirombo ngwabwino, kapena kuti moto umapha ululu wake. Wina amayamba kupweteka munthu patapita maola 6 kapena kuposerapo, chiwindi chitayamba kale kuonongeka. Wodwala tithamange naye kuchipatala msanga, titanyamula ndi bowa wotsalayo.

Makolo anzathu, popita kukazula bowa tiwatenge ana, tiwaphunzitse maina ndi maonekedwe ake monga anatiphunzitsira agogo athu. Inu anyamata ndi asungwana, bowa amene simukumdziwa msiyeni pomwepo. Safunsa anadya phula.