Dziko Lomangidwa M'kompyuta Lifuna Mmisiri Wodziŵa Kupenya

Aŵerengi, amene mudaonapo kanema wa The Mandalorian, yemwe adayamba kuonetsedwa mu Novembala 2019, mudaona munthu wovala chitsulo thupi lonse akuyenda m'zipululu ndi m'madera a chisanu. Zoona zake n'zakuti zigawo zoposa theka za chaka choyamba cha kanemayo adazijambulira m'chinyumba chimodzi ku Manhattan Beach, kufupi ndi Los Angeles. M'chinyumbamo mudali khoma la timagetsi ta LED, lotalika mamita 6, lozungulira ngati khola la mamita 23 m'mimba mwake, ndipo denga nalo lidali la timagetsi tomweto. Mapiri ndi mitambo zimene zimaoneka pakhomapo zinkachokera mu Unreal Engine, pulogalamu imene kampani ya Epic Games idaipangira maseŵero a pa kompyuta. Seŵero loyamba la pulogalamuyi, lotchedwa Unreal, lidatuluka mu 1998.

Nanga opanga kanema adafuniranji chida cha oseŵera? Kanema amaonetsa zithunzi 24 pa sekondi iliyonse. Popanga Toy Story mu 1995, chithunzi chimodzi chinkatha kudya maola angapo kuti kompyuta ichimalize. Woseŵera sangadikire chotero, pakuti akatembenuka afuna dziko litembenuke naye pomwepo. Motero injini ya maseŵero idaphunzitsidwa kujambula zithunzi 30 kapena 60 pa sekondi. Liŵiro limeneli ndilo lidakopa Jon Favreau ndi amisiri a Industrial Light & Magic.

Kuika chithunzi kumbuyo kwa woseŵera m'kanema si nzeru ya lero, pakuti ku Hollywood ankachita zimenezi m'zaka za m'ma 1930. Koma chithunzi chakalecho chidali chouma, kamera ikasuntha bodza linkaonekera. Taganizani za ulendo wa pa basi: mitengo ya m'mbali mwa mseu imathaŵa msanga, pamene phiri lakutali limakhala ngati likukuperekezani. Diso limayeza mtunda ndi kusiyana kumeneku. Tsono m'chinyumba chija adaika tizipangizo todziŵitsa kompyuta pamene pali kamera. Kamera ikasendera kumanzere, injini imajambulanso dziko lonse monga momwe likadaonekera kuchokera pamalo atsopanowo. Kuŵala kwa khomalo kunkagweranso pa chovala chachitsulo chija, mwakuti chipewa chinkanyezimira ndi mitambo yoyenera. Pa nsalu yobiriŵira imene ankagwiritsa ntchito kale, chitsulocho chikadaoneka chobiriŵira, ndipo amisiri akadatha miyezi akuchipukuta chithunzi ndi chithunzi.

Ine ndikuiyamika nzeru imeneyi, ndipo sindili m'gulu la amene amati kanema wotere ndi chinyengo. Kanema aliyense ndi womangidwa. Chimene ndikutsutsa ndi maganizo amene ndimaŵamva kaŵirikaŵiri kwa achinyamata, akuti makina ndiwo amamanga dzikolo, munthu amangodina batani.

Tiyeni tione m'mene ntchitoyi imayendera. Mmisiri amayamba ndi mabokosi opanda mtundu, kuŵaika apa ndi apo kuti aone kukula kwa malo ndi poima kamera. Kenaka aumba nthaka, zitunda ndi zigwa. Chinthu chilichonse m'dziko limeneli, kaya ndi mwala kaya ndi tsamba, chimapangidwa ndi tizidutswa ta makona atatu, ndipo kona iliyonse ili ndi manambala atatu osonyeza malo ake. Aphunzitsi a masamu, apa mwapeza yankho lopatsa mwana amene amafunsa kuti jometiri idzamthandiza chiyani. Pamwamba pa tizidutswato amavekapo khungu losonyeza mtundu, kukhakhala ndi kunyezimira. Pomalizira aika dzuŵa, nkhungu ndi fumbi, nasankha galasi la kamera. Unreal Engine 5, imene idatuluka mu Epulo 2022, idapeputsa zina mwa ntchitozi: gawo lake lotchedwa Nanite limalola kuikamo tizidutswa mamiliyoni ambiri, ndipo Lumen imaŵerengera m'mene kuŵala kumadumphira kuchoka pakhoma kupita pansi. Koma palibe gawo limene limauza mmisiri kuti dzuŵa likhale pati, kapena kuti njira ya anthu imapinda pofika pa chulu. Zimenezi azidziŵa yekha, ngati adapenyapo.

Miyala yambiri ya m'maiko ameneŵa saiumba ndi manja. Amapita kumene kuli mwala weniweni, naujambula zithunzi mazanamazana kuchokera mbali zonse, ndipo kompyuta imalumikiza zithunzizo kukhala mwala wa m'makina. Kampani ya ku Sweden yotchedwa Quixel idasonkhanitsa nkhokwe yaikulu ya zinthu zotere, yotchedwa Megascans, ndipo Epic Games idaigula kampaniyo mu Novembala 2019. Chaka chomwecho Quixel idaonetsa kanema wamfupi, Rebirth, womangidwa ndi miyala ndi nthaka zimene adakajambula ku Iceland. Ndi wokongola zedi. Koma nkhokwe imasunga zokhazo zimene mwini wake adakolola. Mnyamata amene afuna kumanga phiri la Mulanje m'kompyuta, akatapa m'nkhokwe ya eni, adzatulutsa phiri lalitali ndithu, mwina lofika mamita 3,002 monga Sapitwa, koma miyala yake idzakhala ya kwina, ndipo mkungudza wa ku Mulanje sadzaupezamo. Mlendo adzaombera m'manja. Mayi wothyola tiyi m'munsi mwa phirilo adzangoti, "Kumeneku si kwathu."

Chaka cha 2019 chidatipatsa makanema aŵiri oyenera kuŵaika pamodzi. Woyamba ndi The Lion King, wa Favreau yemweyo. Anthu ake adapita ku Kenya kukaona nyama ndi malo, kenaka adamanga dziko lonse m'kompyuta, namaloŵamo atavala magalasi apadera kuti asankhe poika kamera, pogwiritsa ntchito injini ina yotchedwa Unity. Favreau adaulula yekha kuti m'kanema yenseyo muli chithunzi chimodzi chokha chenicheni cha Africa, cha kutuluka kwa dzuŵa koyambirira kuja. Wachiŵiri ndi The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, imene Chiwetel Ejiofor adadzaijambulira kuno ku Malaŵi, m'boma la Kasungu, iye mwini ataphunzira Chicheŵa cha m'kanemayo. Sindikunena kuti wina ndi wabwino, wina ndi woipa. Ndikungoti fumbi la m'kanema wa Ejiofor palibe adachita kuliganizira, lidalipo kale. Womanga m'kompyuta alibe mwai umenewo. Chilichonse chimene sadachione ndi kuchikumbukira sichidzakhalamo: utsi wa moto wolusa umene umaphimba mapiri mu Okutobala, masamba ofiira a mitengo ya m'thengo mvula isanagwe, khoma la nyumba lokukutika m'munsi chifukwa cha madzi odontha ku tsindwi.

Tisabisenso malire a chidachi. Khoma la timagetsi silitha kutulutsa dzuŵa loswa mtengo, n'chifukwa chake zigawo zotere za The Mandalorian ankazijambulira panja. Malo ake ndi ochepa, munthu sangathamange mtunda wautali. Ndiponso dziko liyenera kumalizidwa tsiku lojambula lisanafike, kotero wotsogolera wozengereza maganizo amavutika.

Kwa inu amene mwangomaliza Fomu 4, sindikulonjezani ntchito. Unreal Engine imaperekedwa ulere kwa ophunzira ndi aphunzitsi, koma imafuna kompyuta yamphamvu, magetsi osathimathima ndi intaneti yokwanira kukopera pulogalamu yaikulu chotero. Ambiri a ife zinthu zitatuzi sitili nazo pamodzi, ndipo kunena mwina kungakhale kukunyengani. Komabe theka la ntchitoyi silifuna magetsi. Kope ndi pensulo zikwanira kuti mulembe utali wa mthunzi wa mtengo umodzi m'maŵa, masana ndi madzulo, mwezi ndi mwezi. Foni ya kamera ikwanira kuti muzungulire mtondo wosinjira kapena tsinde la mlambe ndi kulijambula mbali zonse, tsiku la mitambo pamene mithunzi ili yofeŵa, chithunzi chilichonse chikuphimbako chinzake. Pulogalamu yaulere yotchedwa Meshroom imatha kusandutsa zithunzi zoterozo kukhala chinthu cha m'kompyuta, tsiku limene mudzapeze makina oyenera.

Aphunzitsi a jogalafe ndi a zojambulajambula, amene maphunziro anu amaonedwa ngati otsalira pogaŵa nthaŵi ndi zipangizo, pemphani ola limodzi pa mlungu lotuluka ndi ana kunja. Akayeze kutsetsereka kwa khwaŵa la kuseri kwa sukulu, alembe mtundu wa dothi likauma ndi likanyowa, ndipo zithunzi zawo muzisunge bwino, dzina la malo ndi tsiku zitalembedwa.