"Ingovomera utuluke" watidyera zambiri

Azisisi, uphungu uja umaperekedwa pa benchi yakupolisi tonse timaudziwa: ingovomera, ulipire faindi, ukagone kwanu. Amatiuza achibale, amatiuza apolisi, nthawi zina timauzana tokha. Ndipo timavomeradi, chifukwa mwana watsala yekha kunyumba ku Bangwe, tomato akuwola pamsika, ndipo loya timangomuona pa TV atavala mkanjo wakuda. Ife tikuti uphungu umenewu ndi msampha, ndipo umagwira chifukwa choti pambali pathu pamakhala palibe wodziwa malamulo.

Taonani zimene zimachitika loya akaima pambali pa munthu wosauka. M'Marichi 2015 apolisi kuno ku Blantyre anamanga Mayeso Gwanda, venda wa majumbo, akupita ku Limbe m'bandakucha. Mlandu wake: vakabu. Ndime 184(1)(c) ya Penal Code, lamulo la atsamunda, inkalola wapolisi kukugwira pongokuganizira kuti wayenda pa nthawi yokayikitsa. Ndani amayenda nthawi imeneyo? Si mabwana a ku Namiwawa ayi. Ndi mayi wa mandasi wa ku Ndirande, mtsikana wa ku Machinjiri wothamangira kukapikula kaunjika, wantchito wa m'bala akuweruka. Loya Mandala Mambulasa, mothandizidwa ndi mabungwe a CHREAA ndi SALC, anautenga mlanduwo mpaka ku High Court, ndipo pa 10 Januwale 2017 majaji atatu anati ndimeyo ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Ndalama ya majumbo sikanalipira ngakhale tsiku limodzi la mlandu wotero.

Ku Dedza nkhani yake ndi yathu yeniyeni. Mu 2016 amayi 19 anagwidwa, nkuzengedwa mlandu woti akudya ndalama za uhule. Analibe loya. Anavomera, aliyense nkulipira K7,000, ndendende monga uphungu uja umanenera. Loya, mothandizidwa ndi bungwe la CHREAA, anakapempha High Court ku Zomba kuti iunikenso. Jaji Zione Ntaba anafafaniza chigamulocho nkulamula kuti ndalama zibwezedwe, chifukwa lamulolo linalembedwa kuti ligwire odyera amayi masuku pamutu, osati amayiwo. Mwamva? Anavomera mlandu womwe sunali wawo. Angati ena anavomera chimodzimodzi loya asanatulukire, mayina awo nkulowa m'kaundula wa opalamula mpaka lero?

Tikudziwa ena mwayamba kale kulemba m'makomenti kuti nanga za Msundwe. Tiyeni tizikambe. A Women Lawyers Association anaimira amayi 18 a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu omwe anachitidwa nkhanza zogonana ndi apolisi mu Okutobala 2019, ndipo mu Ogasiti 2020 Jaji Kenyatta Nyirenda analamula kuti apepesedwe. Kenako zinamveka kuti boma lilipire maloyawo K255 miliyoni, kuposa chipepeso cha amayi onse kuchiphatikiza. Funso loti zinatheka bwanji ndi lomveka, lifunsidwe. Koma ambiri omwe anakuwa kwambiri za ndalamazo anali chete amayiwo akulira, ndipo palibe mmodzi wa iwo amene anakwera minibasi kukatenga umboni. Mkangano wa ndalama usakhale chifukwa choti mayi wotsatira asowe womuimira.

Tsono mawu athu akupita kwa inu maloya. Lamulo loyendetsa ntchito yanu la mu 2018 limati loya azigwirako ntchito yaulere, ija mumati pro bono, kuti laisensi yake ipitirire. Si chifundo, ndi ngongole. Nanga bwanji mayina omwe timawamva pa milandu ya amphawi ndi omwewo omwewo? A Legal Aid Bureau alipo, koma mafayilo awachulukira, aliyense amene anakhalapo pamzere wawo akudziwa. Maola anu aulere mumawathera kuti? Ngati ndi kulemba kalata imodzi ya tchalitchi chanu nkusainitsa fomu, ife sitikuwerengera. Tikufuna tikuoneni kukhoti la majisitireti ku Limbe Lolemba m'mawa, pamene mtsikana wa ku Zingwangwa akufunsidwa ngati akuvomera mlandu womwe sakuumvetsa. Tikufuna tikuoneni pa mlandu wa mayi wamasiye yemwe akuchimuna amulanda nyumba ku Chilomoni, pa mlandu wa chithandizo cha ana womwe wakhala ukuimitsidwa chaka chathunthu. Milandu imeneyi siituluka m'nyuzi, tikudziwa, ndipo sikupatsani dzina. A Malawi Law Society, tiuzeni poyera chaka chilichonse: maola angati, milandu ingati, ya amayi ingati.

Ndipo inu azisisi, sungani izi mufoni. Ndime 42 ya malamulo aakulu imati ukamangidwa uli ndi ufulu wokhala chete, ufulu wolankhula ndi loya, ndipo uyenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48. Belo yakupolisi ndi yaulere. Usavomere mlandu pongofuna kutuluka msanga. Uza majisitireti kuti ukufuna loya wa Legal Aid, ndipo tuma wachibale akagogode ku CHREAA kapena kwa maloya achizimayi tsiku lomwelo, asadikire kuti mlandu uyambe.